Digiri ndinali nayo, koma wondichitira umboni panalibe

Munali mu Febuluwale 2020, ku Kanengo, m'kachipinda kakang'ono kogundizana ndi nyumba yosungiramo matumba a soya. Ndinavala siketi yakuda imene ndinavalira gauni tsiku lolandira digiri, nsapato zobwereka kwa alamu anga, m'manja muli envelopu ya khaki yodzaza ndi mapepala a sukulu. Usiku wonse ndinachezera kuloweza mayankho a intavyu: ndimachita bwino pa chiyani, ndimafooka pati, ndikufuna kudzafika pati zaka zisanu zikubwerazi. Zonsezo m'Chingerezi chosalala.

Pa mafunso onse amene ndinaloweza, sanandifunse ngakhale limodzi. Bambo wina wa imvi, malaya ake ali ndi fumbi la m'matumba, anandikankhira laputopu n'kunena kuti, "Achemwali, apa pali matumba amene analowa sabata yatha, apa amene anatuluka, apa amene anyamata awerenga m'mawa uno. Manambala sakugwirizana. Tipezereni pamene pasokonekera. Tibweranso pakatha mphindi 30."

Manambalawo anali mu Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera. Ndinaiphunzira chaka choyamba ku koleji, ndipo mayeso ake ndinakhoza bwino. Koma chikhozereni mayesowo ndinali ndisanaitsegulenso. Ndinayang'ana mizere ija maso ali gwa. Kenako ndinatulutsa foni n'kuyamba kuwonkhetsa thumba limodzilimodzi pa kalikuleta. Pamene ankabwerera ndinali ndisanafike ndi pakati pomwe, m'manja muli thukuta lokhalokha.

Sanandinyoze ayi. Anatseka laputopu ija mwaulemu, n'kundifunsa kumene ndinachitira attachment, nthawi ija wophunzira amatumizidwa kukaphunzira ntchito pa bungwe asanamalize sukulu. Ndinatchula bungwelo. "Chabwino. Ndani kumeneko amene tingamuimbire foni, woti anakuonani mukugwira ntchito?" Pamenepo pakamwa panauma. Dzina la bwana amene anasaina fomu yanga ndinkalidziwa, koma ndinkadziwanso kuti atamuimbira, angafunse kuti, "Mukunena uti?"

Funso limeneli landitsata mpaka lero, ndipo ndi limene landichititsa kulemba izi.

Attachment ndinaichita chaka chachitatu, miyezi itatu, ku bungwe lina la zaulimi mu Lilongwe. Anandipatsa mpando pakona pafupi ndi makina a fotokope. Abwana anali munthu wotanganidwa, lero ali kumunda, mawa ku msonkhano ku Salima. Ine ndinakhala pampando paja kudikira kuti wina abwere adzandipatse ntchito yoyenera munthu wophunzira zamalonda a ulimi. Akandituma kukachita fotokope ndinkanyinyirika mumtima. Intaneti ya ulere inalipo, choncho tsiku linkatha ndili pa WhatsApp ndi Facebook. Lachisanu likakwana ndinkadzaza buku la attachment ndi mawu ozungulira, oti ndaona mmene ofesi imayendera, ndathandiza pa ntchito zosiyanasiyana. Chimene ndinkafuna chinali siginecha ndi chidindo, ndipo ndinazipeza.

Tinapita awiri a kalasi imodzi. Mnzangayo sabata yachiwiri anapita kwa dalaivala wa bungwelo kukapempha kuti galimoto ikamapita ku madepoti azimutenga. Ankanyamuka m'bandakucha, n'kubwerako madzulo tsitsi lili mbuu ndi fumbi, zala zili ndi inki ya kaboni wa malisiti. Ankakweza matumba pa sikelo pamodzi ndi anyamata, kulemba mayina a alimi, kuwerenga ndalama ndi kalaliki. Ife ena tinkamuseka kuti wabwera kudzachita ganyu. M'kalasi ndinkamuposa pafupifupi phunziro lililonse. Koma iye anasaina kontirakiti ku bungwe lomwelo tisanavale n'komwe magauni, chifukwa munthu wina atasiya ntchito ku depoti, aliyense mu ofesi muja ankadziwa dzina loti atchule.

Nditamaliza mu 2019 ndinakakhala kwa amalume ku Area 25. Kwathu ndi ku Mchinji, ndipo kubwerera kumudzi ndinkakuona ngati kugonja. Bambo ndi mayi anagulitsa mbuzi, mtedza, ngakhale njinga, kuti awonjezere pa ngongole ya boma imene ndinkaphunzirira. Pa maliro, pa chinkhoswe, paliponse ankandilozera anthu kuti, "Uyu ndi uja wa ku yunivesite." Mawu amenewa poyamba amakoma. Pakatha chaka uli pakhomo pa eni, kutsuka mbale ndi kupempha ya bandulo, amayamba kulemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Patangotha milungu yochepa chichokereni ku Kanengo kuja, Covid-19 inafika. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020, ndipo mabungwe ambiri anaimitsa kulemba anthu. Ine sindinasiye kutumiza makalata. Ndinkawerenga The Nation ndi The Daily Times za amalume akabwera nazo kuchokera kuntchito, ndinali m'magulu a WhatsApp a ntchito osawerengeka. Koma kulikonse ndinkatumiza CV imodzimodziyo, masamba anayi, yoyamba ndi mudzi wanga, mfumu yaikulu, mpingo, ndi zimene ndimakonda kuchita ndikamapuma. Maphunziro onse a zaka zinayi ndinawandandalika. Pa malo oti ndilembe zimene ndinachitapo panali mzere umodzi wa attachment ija. Ondichitira umboni anali abusa athu, mphunzitsi wina wa ku koleji amene sindinalankhulepo naye maso ndi maso, ndi amalume, omwe ndinangowasintha udindo kuti asaoneke ngati achibale.

Nthawi yomweyo ndinaberedwanso. Munthu wina anandiimbira, akulankhula mwaulemu kwambiri, nati dzina langa lasankhidwa pa ntchito ina ya m'maboma, koma nditumize K15,000 pa foni ya fomu ndi chiphaso cha kuchipatala. Ndinabwereka kwa alamu anga n'kutumiza. Madzulo ake nambala ija inali yozima. Ndikunena izi poyera chifukwa anthu amenewa alipobe, ndipo amadziwa bwino kuti munthu amene wakhala chaka pakhomo saganiza kawiri. Wolemba ntchito weniweni sakuuza kuti ulipire kuti akuone. Ndipo kwa atsikana anzanga, pali enanso amene safuna ndalama, amati tikakambirane za ntchitoyo ku lodge madzulo. Ine zinandipezapo kamodzi, ndinadula foni, ndinalira, koma sindinanong'oneze bondo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe limeneli, ndipo uthenga wotere ukabwera pa foni usaufufute, usunge.

Pofika 2021 nyimbo inali imodzi paliponse, pa wailesi, kutchalitchi, ngakhale kwa amalume patebulo: achinyamata musamangodikira kulembedwa, dzilembeni nokha ntchito. Mawuwa ndi oona, koma amanenedwa mopepuka kwambiri, kawirikawiri ndi anthu oti mwezi ukatha malipiro awo amalowa ku banki. Ine ndinawamva, ndipo ndinadzikhulupirira, poti chaka chomaliza ndinalemba pulani ya bizinesi ya mtedza imene inapeza malikisi apamwamba m'kalasi monse.

Mayi anga ananditengera K400,000 ku banki m'khonde ya kwathu, m'dzina lawo, ya chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi. Mu Meyi ndinapachika sikelo pa mtengo wina pa kamsika ka kufupi ndi kwathu n'kuyamba kugula mtedza woswa. Anthu ankabwera ndi ndowa, mabeseni, timatumba pa njinga. Ine ndinkangoyang'ana pa sikelo n'kulipira. Ndinkasangalala kuti ndikudzaza matumba msanga kuposa mavenda anzanga, osadziwa kuti katundu amene enawo akana ndi amene akuthera kwa ine.

Amene anakulira ku mtedza akudziwa kuti makoko ouma amapweteka zala poswa, ndiye ena amawaza madzi kuti afewe. Madzi aja amalowa mpaka mu mtedza, umalemera pa sikelo, koma ukautsekera m'thumba umayamba chuku. Za chuku ndi poizoni wake wa aflatoxin ndinaziphunzira, ndinalembapo mayeso, ndinkatha kufotokoza mmene amawonongera chiwindi ndi chifukwa chake misika ya kunja imakana mtedza wotere. Koma kuuzindikira mtedza wonyowa uli m'beseni pamaso panga, sindinkatha. Matumba ndinawasoka n'kuwasanja pansi pa simenti, kutsamiritsa kukhoma, m'kanyumba kopanda mawindo.

Patatha milungu itatu ndinachita hayala kagalimoto kupita nawo ku Lilongwe. Wogula anatenga chitsulo chake chobayira matumba, anabaya loyamba pakati, n'kuthira mtedza m'dzanja. Anaununkhiza. Anabaya lachiwiri, lachitatu. Kenako anapukusa mutu. "Asisi, uwu sitingatenge." Ndinayang'ana m'dzanja lake, ndinaona mtedza wina wakuda m'mphepete, wina uli ndi ufa wobiriwira. Fungo lake ndimalikumbukabe, ngati la chovala chimene chagona m'madzi. Umene unapulumuka titasankha unali utapepukanso, poti madzi amene ndinagula ndi ndalama anali atauma. Ndinaugulitsa motchipa kuti ndipeze yobwerera.

Nditakhala pansi kuwerengera, ndinapeza kuti chuku sichinali chokha chimene chinandidya. Mu pulani yanga ya malikisi apamwamba ija munalibe ndalama ya matumba, ulusi, anyamata okweza ndi kutsitsa, chiphaso cha pamsika, kapena chakudya changa cha masana. Komanso ndalama ya mpamba ndi ya m'thumba mwanga zinkakhala m'kachikwama kamodzi. Kunagwa maliro, ndinatapamo. Mng'ono wanga anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndinatapamo. Bandulo, sopo, mafuta odzola, zonse mommo. Palibe pamene ndinalemba. Pa K400,000 ija panatsala yosakwana theka. Mayi anabweza ngongoleyo pogulitsa chimanga chimene chinali chakudya cha pakhomo chaka chimenecho. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa kukalipa.

Ndi mayi omwewo amene anandiuza kuti, "Mwanawe, safunsa anadya phula. Pita kwa amayi aja a sikelo ya pafupi ndi chigayo, ukakhale nawo." Amayi amenewa anali atagula ndi kugulitsa mbewu zaka zoposa 20. Sukulu analekezera Sitandade 6. Nthawi yonse imene ndinkagula mtedza wonyowa ija ankandiona ali pa sikelo yawo, ndipo ine sindinawapatsepo moni woposa wa m'mawa. Kupita kwa iwo kunandivuta kuposa intavyu ya ku Kanengo. Ndinavala chitenje, ndinakagwada, n'kunena kuti ndabwera kudzaphunzira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Malipiro ndilibe. Nsima ya masana tidyera limodzi. Ubwere mawa dzuwa lisanatuluke."

Tsiku loyamba sanandilole kukhudza sikelo. Anandikhazika pa mphasa ndi mabeseni awiri a mtedza. "Luma uwu. Tsopano luma uwu." Wouma umathetheka pa dzino n'kugawika pawiri, wonyowa umangophwanyika mwakachetechete ngati mbatata yosapsa. "Tikita pakati pa zala." Wouma khungu lake lofiira limasupuka lokha, wonyowa limakakamira. Anandigwira dzanja n'kulilowetsa m'thumba mpaka m'chigongono. "Pamwamba aliyense amaika wabwino. Iwe uzimva pansi. Mukazizira ngati m'mphika wa madzi, bweza." Anandiphunzitsa kusankha wofwapa, wosweka ndi wobooka, kusanja matumba pa mitengo kuti asakhudze pansi kapena khoma, ndi kuyesa sikelo m'mawa uliwonse ndi mwala wawo umene ankadziwa kulemera kwake. Anandiphunzitsanso kubweza katundu popanda kumuchititsa manyazi mwini wake. Ankati, "Kauyanikeni masiku awiri, amayi, mubwere nawo, ndigula." Ndipo ankabweradi.

M'chiuno ankamanga timatumba tiwiri. Kena ka mpamba, kena ka pakhomo. Mwana wawo weniweni atabwera kudzapempha ya sopo, ndinawaona akutsegula ka pakhomo, n'kupeza mulibe kanthu, n'kumuuza kuti adikire madzulo, pamene kenako kanali kotupa ndi ndalama. Ine zinandidabwitsa. Iwo anati, "Iyi si yanga. Ndi ya bizinesi. Ine ndine wantchito wake."

Patapita mwezi ndinaona pamene iwonso ankatayira. Zambiri ankasunga m'mutu, zina m'kope la ana asukulu lothothoka masamba. Anthu amene anatenga ndalama ya katundu pasadakhale ena ankaiwalika. Ndinapempha kuti ndiziwalembera. Ndinagula kope la chikuto cholimba, ndinabwereka laputopu yakale kwa mphunzitsi wina wa pa sekondale ya kwathu, ndipo usiku, pa bandulo yotchipa ya usiku ija, ndinkaphunzira Excel pa YouTube. Ulendo uno sindinkaphunzirira mayeso. Manambala anali enieni, a munthu amene ndinkadya naye nsima, ndipo ndikalakwitsa ndalama yake inkasowa. Zimene zinandikanika ku Kanengo ndinazidziwa m'milungu itatu.

Tsiku lina ndinawaonetsa chimene manambala ankanena. Maulendo awo a ku Lilongwe a matumba ochepa, amene ankawakonda chifukwa ndalama imabwera msanga, ankawadyera phindu lonse pa hayala. Akadikira kuti katundu achuluke, kapena akaphatikizana galimoto ndi anzawo awiri, pankatsala kenakake kooneka. Anakhala chete, akuwerengera pa zala. Kenako anaseka, nandimenya paphewa. "Kani sukulu yakoyi ili ndi ntchito!" Kunena zoona, aka kanali koyamba chimalizireni koleji kumva kuti zimene ndinaphunzira zathandiza munthu. Digiri ija sinali yachabe. Inkangosowa poti igwire.

Mbiri imayenda pamudzi. Chakumayambiriro kwa 2022 wapampando wa kopaletivi ina ya alimi a mtedza ndi soya anandiitana. Ankafuna kupempha thandizo ku pulojekiti ya boma ya AGCOM, imene inkathandiza magulu a alimi ndi ndalama zogulira zipangizo gululo likasonkhanso gawo lake, koma mabuku awo anali osalongosoka. Ndinagwira nawo ntchito pafupifupi chaka, ndikungolandira ya thiransipoti ndi ya sopo. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira zinthu zimene munthu wofuna bizinesi amayenera kudziwa asanayambe kulota za phindu: kuti wogula wamkulu sakupatsa ndalama m'manja, amafuna akaunti ya ku banki ya m'dzina la gulu kapena la bizinesi, kuti amafunsa TPIN, nambala ya wokhoma msonkho ya ku MRA, kuti dzina la bizinesi linkalembetsedwa ku ofesi ya Registrar General, kuti ukafuna kugulitsa katundu ku boma uyenera kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, kuti chiponde chako, kaya chikome bwanji, masitolo akuluakulu sachilandira popanda chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Ndinaphunzira kulemba kotesheni, invoisi ndi malipoti a msonkhano. Mu Meyi 2022 kwacha itagwa ndi 25 peresenti, mitengo ya makina imene tinatolera mwezi wapitawo inasanduka mapepala chabe, ndipo tinayambiranso. Kuyambira pamenepo kotesheni iliyonse imene ndalemba ndimaikapo masiku amene mtengowo ugwire ntchito. Pamene kwacha inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kachizolowezi kameneka kanapulumutsa anthu amene ndinkawagwirira ntchito.

Mu 2023 kampani ina yogula mbewu inalengeza kuti ikufuna woyang'anira depoti. CV yanga tsopano inali masamba awiri. Mudzi, mfumu ndi mpingo ndinachotsa. Pamwamba ndinalemba zimene ndinachita: ndinasunga mabuku a wamalonda wa mbewu nyengo yathunthu, ndinakonza kaundula wa mamembala ndi katundu wa kopaletivi, ndimatha kuyesa ndi kusankha mtedza ndi soya. Ndinalembamonso kuti ndinayesa bizinesi yanga n'kugwa. Pa intavyu anandifunsa za kugwako, ndipo ndinafotokoza zonse, madzi, chuku, kachikwama kamodzi. Mmodzi wa iwo anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti simudzatigulira madzi." Ondichitira umboni anali wapampando uja, alangizi a zaulimi a m'dera lathu, ndi amayi a sikelo. Ndinalemba pambali pa nambala yawo kuti amalankhula Chichewa. Anawaimbiradi. Madzulo ake amayi anandiimbira akuseka, "Mabwana ako andifunsa ngati umaba. Ndawauza kuti ndinakusiyira kathumba ka mpamba sabata yathunthu nditapita ku maliro ku Kasungu, ndipo ndinapeza kali momwemo, ndi kope lake pambali."

Ntchito ndinaipeza, patatha zaka zinayi chimalizireni sukulu.

Pa malipiro oyamba ndinaphunziranso kanthu kena kamene ndikanakonda wina akanandiuza. Ndalama yolembedwa pa kalata ya ntchito si imene imafika m'manja. Amachotsapo msonkho wa PAYE, amachotsapo 5 peresenti ya penshoni, olemba ntchito n'kuwonjezerapo 10 peresenti yawo. Ngongole ya ku Higher Education Students' Loans and Grants Board nayo imakhala ikudikira, ndipo ndi yoyenera kubweza, chifukwa ndi imene ana a anzathu akuphunzirira lero. Ine ndinali nditauza kale mayi ndalama ya pa kalata ija, ndipo achibale anali atayamba kale kuigawa m'mitu mwawo. Werengani kontirakiti yonse musanasaine, funsani kuti miyezi yoyesedwa ndi ingati, ndipo kumudzi mukanene ndalama imene yalowadi.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti aliyense wokonzeka amapeza ntchito. Ntchito m'dziko muno ndi zochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osakwana zaka 18. Onsewo akubwera m'mbuyomu. Masukulu a ukachenjede nawo achuluka: UNIMA, MUBAS ndi KUHeS zimene zinaima pazokha mu 2021, LUANAR, MUST, Mzuni, kuphatikizapo a mipingo ndi a anthu wamba, onse akutulutsa magauni chaka ndi chaka. Zoti ena amalowa ntchito chifukwa cha amalume awo ndi zoona, ndaziona ndi maso. Ndili ndi anzanga akhama, odziwa ntchito kuposa ine, amene mpaka pano akadali pakhomo, ndipo sindingayerekeze kuwauza kuti vuto ndi iwo. Zimenezo ndi zofunika kuti atsogoleri azikonze, ndipo tisatope kuwafunsa. Chimene ndikunena n'chakuti pa kagawo kamene kanali m'manja mwanga, ine ndinagona, ndipo zinanditengera zaka ndi chimanga cha mayi anga kuti ndidzuke.

Inu amene mukadali pa koleji muli ndi chinthu chimene ine ndinachitaya: dzina loti wophunzira. Dzina limeneli limatsegula zitseko. Wophunzira akapita ku kopaletivi, ku chipatala cha ziweto, ku galaja, ku wailesi ya m'dera, kwa wowerengera ndalama wa m'tauni, n'kunena kuti ndikufuna kuthandiza pa holide kuti ndiphunzire, anthu ambiri amamulandira. Yemweyo akabwera atamaliza, envelopu ya khaki ili m'manja, mlonda amamubweza pageti, poti aliyense akudziwa kuti akufuna malipiro. Maholide anga onse a zaka zinayi ndinawathera kuonera mafilimu kwa amalume. Amayi a sikelo aja nthawi yonseyo anali pomwepo pafupi ndi chigayo.

Mukapita pa attachment musadikire kupatsidwa ntchito. Mu ofesi aliyense ali ndi zake, ndipo palibe amene analembedwa kuti azikusamalani. Funani munthu amene wapanikizika, mumufunse chimene mungamupepuzire. Nthawi zambiri si bwana wamkulu, ndi kalaliki, wa ku sitolo, dalaivala, mayi wa pa resepushoni. Amenewa ndi amene amadziwa mmene ntchito imayendera, ndipo ndi amene bwana amawafunsa akafuna kudziwa za inu. Zomwezi ndinaziona kwa anzanga amene analowa pulogalamu ya boma ya ma intern imene inayamba mu 2018: ena anatulukamo ndi luso ndi anthu owadziwa, ena anatulukamo ndi kalata yokha, ngakhale anali mu unduna umodzi. Sungani kope lanulanu, osati la sukulu lija, momwe muzilemba chimene mwachita tsiku limenelo, ndi manambala ake: alimi angati, matumba angati, lipoti lanji. CV imachokera m'kope limenelo. Ndipo pochoka tsanzikani bwino, tengani nambala, muziwapatsa moni ngakhale pa Khirisimasi pokha. Pasukulu pomwepo, pakhale mphunzitsi mmodzi kapena awiri amene akukudziwani nkhope ndi ntchito yanu, osati nambala yanu ya mayeso yokha.

Za bizinesi, maganizo anga ndi awa, ena atsutsa. Musayambe ndi ngongole. Mabungwe a boma obwereketsa ndalama ndi mabanki m'khonde ali ndi malo ake, koma ngongole imakuza chimene chilipo kale. Ngati chilipocho ndi umbuli, imakuza umbuliwo. Yambani muli pasukulu, ndi ndalama yoti itatayika mulira usiku umodzi wokha. Gulitsani mazira owiritsa ku hostel, sokani, konzani mafoni, lukani tsitsi, tayipani ma assignment a anzanu. Phindu lake si ndalamayo kwenikweni. Mudzadziwa mmene zimakhalira mnzako wapamtima akatenga katundu pa ngongole n'kuyamba kukuzemba, mudzadziwa ngati mumatha kuitanira malonda popanda manyazi, mudzadziwa ngati mungathe kuona ndalama ya mpamba muli ndi njala osaikhudza. Ena mudzapeza kuti bizinesi si yanu, ndipo palibe cholakwika pamenepo, kuli bwino kuzidziwa ndi K20,000 kusiyana ndi K400,000 ya mayi anu. Ndipo musanaike ndalama mu malonda alionse, kakhaleni kaye miyezi ingapo pansi pa munthu amene wawachita zaka zambiri, kaya sukulu analekera pati. Ine panopa ndayambiranso pang'onopang'ono, matumba ochepa nyengo iliyonse, pambali pa ntchito, ndi timatumba tiwiri m'chikwama.

Tsopano ndine amene ndimalandira ana a attachment pa depoti pathu. Chaka chatha anabwera atatu. Tsiku loyamba ndinawaika pa mphasa ndi mabeseni awiri a mtedza, monga anandichitira amayi aja. Awiri anayang'anana, mmodzi n'kufunsa ngati mu ofesi muli Wi-Fi. Wachitatu, mtsikana wamanyazi wa ku Ntchisi, anabwera atavala nsapato zazitali zimene zinkamira m'fumbi. Analuma mtedza woyamba, analuma wachiwiri, n'kufunsa kuti, "Madamu, nanga soya mumamudziwa bwanji?" M'mawa mwake ndinamupeza pageti nthawi isanakwane, atavala matenesi ndi chitenje, akuthandiza mlonda kutsegula loko. Anandipempha buku la sikelo. Ndinamupatsa, pamodzi ndi chitsulo chobayira matumba, ndipo nambala yake ndinaisunga mu foni.